Kusankha makina opepuka a analogi ofufuzira zinthu zakale m'nthaka

Aliyense amene akufuna kugula makina ofufuzira zitsulo m'nthaka amayamba ndi funso limodzi: kodi amamva chinthu chili pakuya bwanji? Inenso ndinayambira pomwepo. Funsoli linasintha tsiku limene ndinakhala m'munda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndikupititsa koyilo, mbale ya kumapeto kwa makinawo, uku ndi uku, phewa likuwotcha, zala zitachita dzanzi, pomwe theka la mundawo ndinali ndisanapondemo. Makinawo anali amphamvu ndithu, koma ankandilemera, ndipo kulira kwawo sindinkakumvetsa. Kuchokera tsiku limenelo, munthu akandifunsa ndimamuuza kuti asankhe poyang'ana nthaka imene akafufuzemo, mkono wake ndi khutu lake. Zolembedwa pakatoni zibwere pambuyo.

Malangizowa ndi a munthu wofuna zinthu zakale: mabatani a zovala, zipolopolo zamtovu, zomangira malamba, ndalama zachitsulo, mitu ya nkhwangwa, maloko, makiyi, mipeni. Wofuna golide wa m'miyala kapena mphete zogwera m'mphepete mwa nyanja yamchere ali ndi njira yake ina, ndipo makina amene tikukambawa sangamuthandize mokwanira.

Tiyambe tamvana kuti analogi n'chiyani

Makina a analogi ndi aja alibe sikirini. Ali ndi kabokosi kakang'ono, mabatani opotokola awiri, atatu kapena asanu, ndi sipika. Ambiri ndi a mtundu wotchedwa VLF, kufupikitsa Very Low Frequency. M'kati mwa koyilo, mbale ija imayenda pamwamba pa nthaka, muli mikulungo iwiri ya waya. Woyamba umatumiza mphamvu ya maginito pansi, ikusinthasintha maulendo masauzande angapo pa sekondi imodzi. Mphamvuyo ikakumana ndi chitsulo imadzutsamo timagetsi, timagetsito n'kubweza mphamvu yakeyake imene mkulungo wachiwiri umatola. Yankholi limafika mochedwerako pang'ono, ndipo kuchedwako kumasiyana malinga ndi mtundu wa chitsulo: siliva ndi mkuwa zimayankha mwanjira ina, mtovu mwanjira ina, ayironi mwanjira inanso. Ndikati ayironi ndikunena chitsulo chija chimachita dzimbiri lofiira ndi kumamatira ku maginito, cha misomali ndi makasu.

Makina a digito amatenga yankholo, kuliwerengetsera m'kakompyuta, n'kukuonetsani nambala. A analogi amalipereka ku khutu lanu pafupifupi monga labwerera. Chinthu chozama chimalira motsitsa, chapamwamba chimalira mokweza, chozungulira ngati batani chimalira mosalala mbali zonse, msomali wopindika umalira mothyokathyoka ngati wotsamwidwa. Mukazolowera, khutu limayamba kuona mawonekedwe a chinthucho musanakumbe. Ichi ndicho chifukwa chake anthu ena amakakamirabe makinawa ngakhale a digito ali ponseponse. Dziwaninso kuti makina ena ogulitsidwa ndi dzina la analogi ali ndi kakompyuta kakang'ono m'kati kothandizira zina ndi zina. Zimenezo zisakudetseni nkhawa. Chofunika ndi chakuti kulirako kuzisintha motsatira chinthu chimene chili pansi.

Mu 1881 Alexander Graham Bell anapanga chipangizo chogwira ntchito mofananamo pofuna kupeza chipolopolo m'thupi la Pulezidenti James Garfield wa ku America, amene anali atawomberedwa. Sichinachipeze, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene zimatchulidwa ndi masipuling'i achitsulo a bedi limene wodwalayo anagonapo. Vuto la Bell lija ndi limene mudzakumane nalo pabwinja lililonse: kanthu kamodzi kamene mukukafuna kagona pakati pa ayironi wochuluka amene simukumufuna. Makina onse amene mungaganizire kugula muwayeze ndi vuto limeneli.

Choyamba: funsani za lamulo musanatulutse ndalama

Dziko lililonse lili ndi malamulo ake pa zinthu zakale za m'nthaka, ndipo amasiyana kwambiri. Ku England ndi Wales kufufuza kumaloledwa mwini malo akavomera, koma lamulo la Treasure Act la 1996 limafuna kuti zinthu zina zagolide ndi siliva komanso mulu wa ndalama zakale zinenedwe kwa akuluakulu pasanathe masiku 14. Ku America lamulo la 1979 lotchedwa ARPA limaletsa kukumba zinthu zakale pamalo a boma popanda chilolezo. Ku Ireland kufunafuna zinthu zamakedzana ndi makinawa popanda chilolezo cha boma ndi mlandu. Pitani kapena lemberani ku ofesi yoona za zinthu zakale m'dziko lanu, mumve zimene zimaloledwa, kenako mupemphe mwini malo. Pamanda, pamalo otetezedwa ndi pamalo amene akatswiri akukumba musapondepo ndi makina. Ngati malo amene mukuganizira panachitikapo nkhondo ya mabomba, kumbukirani kuti bomba losaphulika limalira bwino kwambiri m'mahedifoni. Mukaona chitsulo chokayikitsa, siyani kukumba, chokanipo, uzani apolisi.

Chachiwiri: yezani nthaka yanu

Apa ndi pamene ambiri amaphonya, ndipo kuyeza kwake sikufuna ndalama. Tengani maginito amphamvu, monga a sipika yakufa, muwakulunge m'kapepala ka pulasitiki, mukawakoke m'dothi louma la malo amene mukufuna kukafufuza. Chitani zimenezi pamalo atatu kapena anayi. Ngati pakumamatira timchenga takuda tambiri, dothilo lili ndi ayironi wachilengedwe wochuluka. Dothi lofiira kwambiri, malo a miyala ya chiphalaphala, ndi pamene panayakapo moto kwa zaka zambiri, nthawi zambiri pamakhala chimodzimodzi.

Dothi lotere limayankha makina ngati kuti lonse ndi chitsulo chimodzi chachikulu, ndipo yankho lake limaposa kutali la kabatani kamene kali m'kati mwake. Ntchito ya chimene chimalembedwa kuti ground balance ndiyo kuuza makina kuti asamamvere dothilo. Makina ena anachunidwa kale kufakitale ndipo simungasinthe. Ena ali ndi batani loti muzichuna nokha. Chitsanzo chomveka ndi Tesoro Cibola ndi Tesoro Vaquero, makina apachibale ofanana pafupifupi m'zonse: Cibola ndi wochunidwiratu, Vaquero ali ndi batani lochunira. Padothi lofatsa simungawasiyanitse kwenikweni. Padothi la ayironi, wochunidwiratu uja amayamba kulira popanda kanthu, mumakakamizika kutsitsa mphamvu, ndipo kuya kumathera pomwepo.

Langizo langa ndi losabisa: ngati maginito anu atuluka atavala ndevu zakuda, musagule makina opanda batani la ground balance. Ngati atuluka oyera ndipo mukudziwa kuti muzifufuza dera limodzi lomwelo, ochunidwiratu akukwanirani, ndipo ndi osavuta kuphunzira.

Kuchuna kwake anthu amakuopa pachabe. Pezani malo opanda chitsulo. Ikani makina pa all metal, pomwe amalira pa chitsulo chilichonse osasankha, mukweze batani la threshold mpaka mumve kulira kwapansipansi kosalekeza ngati kwa udzudzu. Tsopano kwezani ndi kutsitsa koyilo mobwerezabwereza, kuchokera pa masentimita ngati 25 kufika pafupi kukhudza nthaka. Kulirako kukamakula koyilo ikamatsika, potokolani batani pang'ono mbali imodzi. Kukamazimirira, potokolerani mbali inayo. Buku la makina anu lidzakuuzani mbali yake. Mukafika poti kulira sikusintha kaya koyilo ikwere kaya itsike, mwachuna. Pakatha sabata mudzazichita m'masekondi ochepa. Muzibwereza mukasintha munda, kapena mukachoka kumtunda kupita kudambo.

Chachitatu: frequency

Nambala iyi, yolembedwa mu kHz, ikunena kuti mphamvu ya maginito ija ikusintha maulendo masauzande angati pa sekondi. Makina a analogi amagwiritsa ntchito imodzi nthawi imodzi, choncho muisankhe mukudziwa. Yotsika, cha m'ma 5 mpaka 8 kHz, imakonda zinthu zazikulu zasiliva ndi zamkuwa ndipo imalowa bwino pansi. Yokwera imamva msanga tinthu tating'ono, topyapyala, ndi zitsulo zosapititsa magetsi bwino monga mtovu. Zinthu zambiri zakale zili m'gulu lachiwirili, ndiye chifukwa chake makina otchuka pantchitoyi amakhala pakati pa 10 ndi 19 kHz. Tesoro Silver µMax ali cha pa 10, Vaquero ndi Cibola cha pa 14, Tejón cha pa 17, pomwe XP Gold Maxx Power wa ku France ali pa 18. Kwa munthu wogula makina amodzi okha, ine ndingaloze cha pa 12 mpaka 15. Musataye tulo pa nkhaniyi. Kusiyana kwa 14 ndi 17 n'kochepa poyerekeza ndi kusiyana kwa makina ochunidwa bwino ndi osachunidwa.

Chachinayi: anyamuleni

Tiyeni tiwerengetse. Mukamapititsa koyilo kamodzi pa masekondi awiri, pa ola limodzi mwaipititsa maulendo 1,800. Maola asanu ndi maulendo 9,000. Magalamu 300 owonjezera, amene m'sitolo simungawamve, pofika masana amakhala ngati mwala. Ndipo mkono ukatopa, koyilo imayamba kukwera kumapeto kwa mpititso uliwonse, mumayamba kufulumira, mumasiya mipata. Sentimita iliyonse imene koyilo yakwera pamwamba ndi sentimita imene mwataya pansi.

Pa makina a analogi, kilogalamu imodzi ndiye muyezo wa kupepuka. Silver µMax, Cibola, Vaquero ndi Compadre onse amalemera mapaundi 2.2, kumene kuli pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo amayendera batire limodzi la 9V. Tejón amayandikira mapaundi atatu chifukwa amanyamula mabatire asanu ndi atatu a AA. Makina opitirira kilogalamu imodzi ndi theka ndimawaganizira kawiri, pokhapokha ngati kabokosi kake kamachoka pandodo n'kumangidwa m'chiuno.

Komabe nambala ya pasikelo siinena zonse. Chimene chimapweteka mkono ndi malo amene kulemerako kwakhala. Makina olemera kutsogolo, kukoyilo, amakoka mfundo ya dzanja ndi chigongono ngakhale onse pamodzi ali opepuka. Ena olemererako amamveka bwino m'manja chifukwa mabatire awo ali kumbuyo, pansi pa chigongono, ndipo amabweza kulemera kwa koyilo. Yesani motere. Talikitsani ndodo mpaka koyilo igone pansi, patsogolo pang'ono pa mapazi anu, inu mutaima mowongoka, mkono utatsika momasuka. Lowetsani mkono m'chogwirira chigongono. Masulani zala mpaka mugwire ndi ziwiri zokha. Makina abwino amakhazikika, oipa amagwetsa mutu. Kenako apititseni kwa mphindi khumi zathunthu osapuma, ngakhale wogulitsa akuyang'aneni modabwa. Pomwe padzayambe kuwawa pakatha mphindi khumi ndi pomwe padzakubwezeni kunyumba pakatha maola atatu.

Yang'ananinso ngati ndodo ikukwanira msinkhu wanu. Munthu wamtali akagwira ndodo yaifupi amawerama tsiku lonse, msana n'kumulanga. Wamfupi akagwira yosafupika mokwanira koyilo imakhala kutali, ndipo kutali kulikonse kumachulukitsa kulemera. Polumikizira ndodo pasamagwedere.

Chachisanu: mmene makina amachitira ndi ayironi

Pano ndikhalapo pang'ono chifukwa ndipo pagona ntchito yonse ya wofufuza zinthu zakale. Batani lolembedwa DISC, kufupikitsa discrimination, limauza makina kuti akhale chete pa zitsulo zina. Mukamalikweza amayamba kukana misomali, kenako timapepala ta aluminiyamu, kenako zotsegulira zitini, mpaka kutsala mkuwa ndi siliva zokha. Wongoyamba kumene amasangalala nalo batanili, amalikweza kuti asamakumbe zinyalala. Pochita zimenezo amatayanso mabatani ang'onoang'ono a zovala, tizipolopolo, timikanda tachitsulo ndi mphete zagolide, chifukwa kwa makina zinthuzi zimayankha mofanana ndi zinyalala zija.

Palinso china chovuta kuposa pamenepa. Makina akakana msomali, amakhala chete kwa kanthawi asanayambenso kumva. Ngati batani la chovala lagona pafupi ndi msomaliwo, koyilo imadutsa pamwamba pake makina akadali chete, ndipo simudzadziwa kuti mwalumpha kanthu. Pamabwinja, pomwe panali nyumba kapena msasa, misomali imakhala yambiri moti kuya kwa makina sikuthandizanso. Amene amapeza zinthu pamenepo ndi makina ofulumira kutsegulanso khutu. Makina ambiri a analogi ndi abwino pa zimenezi, ndipo ichi ndi chifukwa chachiwiri chimene amakondedwera.

Musadalire mawu a munthu, yesani nokha. Pitani ndi msomali wadzimbiri, ndalama yamkuwa ndi kachidutswa ka mtovu. Pamalo opanda chitsulo, ikani msomali pansi, mukweze DISC pang'onopang'ono mpaka msomaliwo uyambe kungothetheka, usanatheretu kulira. Siyani batani pamenepo. Ikani ndalama ija masentimita khumi kuchokera pamsomali, mupititse koyilo pamwamba pa zonse ziwiri. Ikalira bwino, isendezeni pa masentimita asanu, kenako atatu. Zungulirani, muyesenso kuchokera mbali ina, chifukwa msomali umabisa zambiri koyilo ikamayenda motsata utali wake. Bwerezani ndi mtovu. Makina amene akugwirabe ndalama pafupi kwambiri ndi msomali ndiwo oyenera pabwinja.

Onetsetsani zinthu ziwiri pa kabokosi. Pakhale all metal yeniyeni yokhala ndi threshold, yofufuzira m'minda yopanda zinyalala zambiri, chifukwa imeneyi ndiyo imafika pansi kwambiri. Ndipo DISC yake itsike mokwanira mpaka kuvomera ayironi. Makina ena, ngakhale mutatsitsa batani mpaka kumapeto, amakanabe ayironi. Kwa wotola ndalama zogwa m'mapaki zimenezo ndi zabwino. Kwa inu ayi, pakuti nkhwangwa, mpeni, loko ndi mutu wa mkondo ndi ayironi yemweyo. Ngakhale misomali imalankhula: ikayamba kuchuluka, mwafika pomwe panali nyumba. Akatswiri amene anafufuza bwalo la nkhondo la Little Bighorn ku Montana, ku America, mu 1984 ndi 1985, motsogozedwa ndi Douglas Scott, anagwiritsa ntchito makina oterewa, ndipo makatiriji ndi zipolopolo zimene wina akanaziona ngati zinyalala ndi zimene zinaonetsa pomwe anthu anaima ndi kumene anathawira.

Zowonjezera ziwiri n'zothandiza ngati mungazipeze. Tejón ali ndi mabatani awiri a DISC ndi kaswitchi kokoka ndi chala kapansi kosinthira pakati pawo, moti mumachuna limodzi motsika lofufuzira, linalo mokwererako lotsimikizira. Gold Maxx Power amapatsa ayironi kulira kwake kwa besi ndipo mungathe kukutsitsa, kotero mumamva misomali ikung'ung'udza chapansi pomwe zinthu zina zikulira momveka pamwamba pake. Makina a kulira kumodzi amagwiranso ntchito. Amangofuna kuti khutu liphunzire kusiyanitsa kulira kosalala ndi kothyoka.

Chachisanu ndi chimodzi: koyilo

Pali mitundu iwiri. Ya concentric ili ndi mikulungo umodzi m'kati mwa unzake, ndipo mphamvu yake imalowa pansi ikuchepera ngati fanulo. Imaloza bwino pakati pa chinthu ndipo imazindikira msanga zotsekera mabotolo ndi ayironi wafulati, koma kuti musasiye zozama muyenera kupititsa koyilo mobwereza theka la pomwe mwadutsa kale. Ya DD ili ndi mikulungo iwiri yopiringizana pakati, mphamvu yake ili ngati mpeni wautali kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo. Imapirira dothi la ayironi kuposa inzake. Ngati maginito aja anatola zambiri, tengani DD.

Pa kukula, ya masentimita 20 mpaka 23 ndi yoyambira yabwino. Kawirikawiri kanthu kakukula ngati ndalama kamamveka mpaka kuya kofanana ndi kukula kwa koyilo, m'dothi labwino. Koyilo yaikulu imawonjezera kuya pang'ono pa zinthu zazikulu, koma imalemera kutsogolo komwe simukufuna, ndipo imaona misomali isanu nthawi imodzi. Ndikanati ndisankhe koyilo yachiwiri, ndikanatenga yaing'ono ya masentimita 13 mpaka 15. Imalowa pakati pa ziputu ndi miyala, imasiyanitsa zinthu zoyandikana, ndipo mkono umapuma. Musanagule makina fufuzani ngati makoyilo ake akupezeka. Koyilo yopangidwira makina a kampani imodzi siigwira pa makina a kampani ina, ndipo ngakhale m'banja limodzi zimasiyana: pa Tesoro, koyilo ya Silver µMax ili ndi mapini asanu pomwe ya Vaquero, Cibola ndi Tejón ili ndi anayi.

Chachisanu ndi chiwiri: atsopano kapena ogwiritsidwapo kale

Apa pali zoona zimene muyenera kudziwa. Tesoro, kampani ya ku Prescott ku Arizona, ku America, imene ndaitchula kwambiri, inasiya kupanga makina, ndipo lonjezo lake lokonza makina moyo wonse linathera pomwepo. White's ya ku Oregon inatseka mu 2020. Makina awo mudzawapeza ogwiritsidwapo kale. Wofuna atsopano okhala ndi chitsimikizo ayang'ane C.Scope ya ku England, kapena Golden Mask ndi DeepTech za ku Bulgaria, zimene zakhala zikupanga makina a mabatani opotokola. Ubwino wa analogi ndi wakuti zambiri za m'kati mwake ndi tizipangizo wamba timene wokonza mawailesi waluso angathe kusintha. Koyilo ndi imene imavuta, chifukwa inamatidwa ndipo siitsegulidwa.

Pogula ogwiritsidwapo kale, yambani ndi kutsegula mokhala mabatire. Ufa woyera kapena wobiriwira ukusonyeza kuti batire linatayira, ndipo madzi ake amayenda m'waya mpaka m'kati. Yatsani makina, mupotokole batani lililonse pang'onopang'ono kuchokera koyambira mpaka kumapeto mukumvetsera; likamakhwekhwereza kapena kudumpha, latha kapena lalowa fumbi. Nyamulani koyilo m'mwamba kutali ndi zitsulo, mugwedeze waya pafupi ndi koyilo ndi pafupi ndi pulagi. Pasamveke kanthu. Gogodani koyilo ndi chala: kuliranso kulikonse ndi chizindikiro chakuti m'kati mwamasuka. Chotsani chivundikiro chapansi pa koyilo muone ming'alu, muyang'anenso timakutu tiwiri tomangira koyilo kundodo, timene timathyoka anthu akamatsamira makina ngati ndodo yoyendera. Pomaliza asiyeni ali oyaka kwa mphindi khumi ndi zisanu. Kulira kwa udzudzu kuja kukhale kokhazikika.

Za waya ndikuzinena ndi mtima wonse chifukwa zinandichitikira. Ndinagula makina kwa munthu amene anandionetsa akulira bwino patebulo. Kumunda, koyilo ikangokhudza udzu, ankalira ngati pali chuma. Ndinakumba maenje opanda kanthu masiku awiri ndisanazindikire kuti waya unali utaduka m'kati, pafupi ndi pulagi. Ndikanaugwedeza pamaso pake, ndikanadziwa m'masekondi asanu.

Chenjerani ndi makina achinyengo ovala dzina la kampani yotchuka, amene ndi ochuluka pa intaneti. Funsani nambala ya makinawo ndi umboni wa kumene anagulidwa. Ndipo wina akakuuzani kuti chipangizo chake cha tinyanga chimaloza golide ali pa mtunda wa mamita mazana, kapena chimamva ndalama imodzi pansi pa mamita asanu, sungani ndalama zanu. Mphamvu ya maginito imachepa mofulumira kwambiri ikamatalikira koyilo, ndipo yankho liyenera kuyendanso mtunda womwewo pobwerera.

Zotsalira zing'onozing'ono

Mahedifoni ndi theka la makina a analogi. Kulira kwa chinthu chozama n'kwapansipansi moti mphepo yokha imakuphimba pa sipika. Ambiri mwa makinawa ali ndi bowo lalikulu la mamilimita 6.35, ndipo ena alibe batani la voliyumu, choncho gulani mahedifoni okhala ndi voliyumu yakeyake kuti chitini chapamwamba chisakugonthetseni. Koyilo nthawi zambiri imalowa m'madzi, kabokosi ayi. Kapulasitiki kophimba mvula muzikhala nako m'thumba. Chivundikiro cha koyilo muzichichotsa n'kutsukamo, chifukwa dothi lodzaza m'menemo limawonjezera kulemera ndi kuyambitsa kulira kwabodza. Batani la sensitivity, lowonjezera mphamvu ya kumva kwa makina, musalikweze mpaka kumapeto. Likwezeni kufikira makina atayamba kubwebweta, kenako mubweze pang'ono. Mukamasunga makina kwa milungu ingapo, chotsani mabatire.

Makina afika, musathamangire kubwinja

Sankhani kangodya ka malo amene muli ndi ufulu wokumbapo. Pititsani makina pa all metal, muchotsemo chitsulo chilichonse. Kenako kwirirani zinthu zimene mukuzidziwa, motalikirana mita imodzi: ndalama yamkuwa pa masentimita 10, ina pa 15, ina pa 20, chidutswa cha mtovu, batani lachitsulo, msomali wowongoka, msomali wopindika, chotsekera botolo, ndi dzenje limodzi lokhala ndi msomali ndi ndalama pamodzi. Zikani timitengo pamwamba pake, mujambule mapu papepala.

Tsiku lililonse pitanipo mphindi makumi awiri. Pititsani koyilo motsika, mosakweza kumapeto, pa liwiro limodzi. Mvetserani chinthu chilichonse kuchokera mbali ziwiri zopingasana. Tsekani maso, wina akutsogolereni pa dzenje limene simukulidziwa, munene chimene chili pansi. Msomali wopindika udzakunamizani masiku oyamba chifukwa umalira bwino mbali imodzi. Mukazungulira udzathyoka mawu, ndipo nthawi zambiri pakati pake pamaoneka ngati pakusuntha. Ndalama imalira malo amodzi, mofanana, kulikonse kumene mwaima.

Mukayamba kupita kumalo enieni, kwa maulendo khumi oyamba kumbani chilichonse chimene chalira mobwereza. Musanakumbe, nenani mumtima chimene mukuyembekeza, kenako muyerekeze ndi chimene chatuluka. Chilichonse chakale chilowe m'kathumba kakekake pamodzi ndi kapepala ka tsiku, malo ndi kuya kwake, ndipo ngati foni yanu ili ndi GPS lembani nambala za malowo, chifukwa akatswiri amaphunzira zambiri pa malo amene chinthu chinagona kuposa pa chinthucho chokha. Musachikweche ndi bulashi yachitsulo kapena kuchiviika m'mankhwala musanafunse wodziwa. Kwirirani dzenje, mubwezere udzu pamwamba, zinyalala zimene mwafukula mupite nazo.

Kamunda koyesera kaja musakafukule. Dothi longokumbidwa kumene limasokoneza makina, ndipo ndalama ya pa masentimita 20 mwina simudzaimva sabata yoyamba. Mvula ikagwa kangapo dothi n'kukhazikika, pitaninso mukayese, muchunenso ground balance, mulembe pa mapu aja pomwe batani lililonse linali pamene ndalamayo inayamba kumveka.